Zimene Zinali Pansi pa Duku

Lachiwiri, 4 Juni

Wolemba ndi mwana wanga wamkazi, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse, asachotse. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachitatu. Manambala ndimawerenga, dzina langa ndimalemba, zina zonse ndimasunga m'mutu. Kope ili ndi loti tisasokoneze za mankhwala.

Ndili ndi zaka 71. Ndaluka tsitsi la anthu zaka 42. Zimenezo zikhale pamwamba.

Andigoneka lero 10 koloko m'mawa, wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kutentha kwa thupi 38.9. Shuga 17, akuti wakwera kwambiri. Andilowetsa kapaipi kudzanja lamanzere, mankhwala opha tizilombo azidutsa pamenepo katatu pa tsiku.

Dokotala ndi wamng'ono, wamagalasi, woti ndikanatha kumubereka kumbuyo. Anati, "Amayi, tichotse dukuli tione." Ndinati chikupweteka ndi khosi, mutu uli bwino. Mwana wanga ndiye anamasula. Duku linali litamatirira kunkhongo, anachita kulinyowetsa kuti lichoke.

Tsitsi langa ndi loyera, lalitali, likamasulidwa limapitirira mapewa. Panopa lagwirana lonse kukhala chinthu chimodzi cholimba ngati nkhata, kuyambira paliwombo mpaka kunkhongo. Pansi pake pali zilonda zotuluka mafinya. Mwana wanga anangoti, "Amayi!"

Dokotala anafunsa, "Munapakamo chiyani?"

"Mafuta ophikira."

"Okha?"

"Okha."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nalemba.

Akuti zilonda sangazitsuke bwino asakuziona, ndipo kwa munthu wa shuga chilonda sichidikira. Njira yachidule ndi kundimeta mpala. Ndinakana. Ndinati mutu uwu sunaonepo lezala chibadwire cha mwana amene waima apayu, ndipo iyeyu ali ndi zaka 46. Anaganiza pang'ono, nati, "Ndikupatsani mpaka Lachisanu m'mawa. Tsitsi likamasuka, zilonda n'kuoneka, chabwino. Likapanda kumasuka timeta lonse, ndipo sitidzakambirananso."

Ndamuuza kuti palibe mfundo imene ine ndinalepherapo kumasula. Zimenezo ndi zoona.

Masiku atatu.

Lachitatu, 5 Juni, m'mawa

Amatidzutsa 5 koloko. Kuyeza thupi, kubaya chala, mankhwala, kenako okolopa, kenako tiyi wopanda shuga ndi buledi. Lero 38.7, shuga 15.

Nesi wa mbali yathu ndi wamfupi, amayenda ngati wasiya mphika pamoto. Amanditcha agogo. Ndamuuza kuti agogo ake ali kwawo, ine ndine amayi.

Kumanja kwanga kuli aphunzitsi opuma ntchito, anathyoka mwendo, auimika m'mwamba ndi zingwe. Salankhula kwambiri. Kumanzere kuli mayi wogulitsa tomato amene wodi yonse imamutcha Wailesi, chifukwa akayamba palibe pozimitsira. Dzulo lomwe anali atandipatsa kale mankhwala anayi: viniga, dzira laliwisi, chakumwa chakuda cha m'botolo, ndi mankhwala otsukira mano opaka pazilonda. Nesi atamva anati, "M'wodi muno madokotala ogona pabedi achuluka kuposa oyenda." Kenako anandiuza bwinobwino kuti pachilonda pasafike chilichonse chimene sanabweretse iye. Kutsitsi walola chinthu chimodzi chokha, mafuta oyera ofewetsa tsitsi aja amati kondishona, ndipo tiziphimba kaye zilonda ndi thonje.

Mwana wanga wapempha masiku kuofesi. Wabwera ndi kondishona, beseni ndi chipeso chachikulu. Anazika chipeso patsinde nakoka ngati akuzula udzu. Ndinaona nyenyezi masana. Mano awiri a chipeso anathyokera momwemo.

Ndinati, "Mwana wa woluka tsitsi, chipeso chikukukanika?"

Iye anati, "Munandiphunzitsa liti? Si inu munkandithamangitsa pasaluni, kuti manja anga ndi a cholembera?"

Akuti ndilole alembe zimenezo. Walemba.

Kenako anafunsa kuti tsitsili lakhala chonchi miyezi ingati, ndipo bwanji sindinamuuze. Ndinati ndatopa. Anati, "Mukatuluka muno simubwereranso kukakhala nokha." Ndinati tidzaona.

Maola awiri tamasula kachigawo kochepa pamwamba pa khutu lamanzere, kosakwana chikhatho cha mwana.

Lachitatu lomwelo, masana

Apa akulemba ndi aphunzitsi, kumasamba a kumapeto kwa kope. Mwana wanga wapita kukasamba ndi kukaona ana ake. Aphunzitsi akuti ndizinena pang'onopang'ono chifukwa akulembera chagada.

Ndikufuna zoona zikhale penapake.

Mapewa anga anayamba kuuma chaka chatha. Lamanja linayamba, lamanzere linatsatira. Kuyambira Januwale manja safika pamutu. Kuphika ndimaphika, kusesa ndimasesa, koma kupesa ayi. Ndinamasula maluko omaliza ndi mavuto, n'kulephera kulukanso. Ndinamanga duku, ndinati ndi za masiku ochepa. Duku ndimalimanga nditawerama, mutu uli pamaondo.

Kuuza ndani? Saluni ndinasiyira mkazi amene ndinamuphunzitsa ndekha, ndimamutcha Chipeso chifukwa anabwera ali woonda, mano panja. Iyeyo akaone mutu wa mphunzitsi wake uli ngati chisa? Mwana wanga akanangoti longedzani, tiyeni kwathu. Kwawoko kuli chipinda cha kuseri, zenera lake loyang'ana khoma. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, koma makiyi ake ndimasunga ndine.

Tsono mankhwala. Pasaluni ndinali ndi mankhwala anga omasulira tsitsi logwirana ndi kupha nsabwe: mafuta ophikira, palafini pang'ono, ndi sopo wa ufa wochapira. Anthu ankachokera kutali kudzafuna mankhwala amenewa. Ndinkapaka, kudikira pang'ono, n'kutsuka. Masabata awiri apitawo ndinadzipangira anga. Ndinachulutsa palafini chifukwa mfundo zinali zazikulu. Ndinathira ndi kapu nditawerama, n'kuvala thumba la pulasitiki, duku pamwamba. Chimene sindinaganize ndi chakuti manja olephera kupesa ndi omwewonso olephera kutsuka. Kunayamba kutentha ngati tsabola. Ndinathira madzi ndi kapu, koma madzi ankangodutsa pamwamba pa nkhata ija. Mankhwala anakhala m'kati. Tsiku lachitatu kunkhongo kunali matuza.

Aphunzitsi aima kulemba. Akuti, "Mayi, zimenezi si zouza ine, ndi zouza dokotala."

Ndati ndikamuuza ameta lero lomwe.

Akuti, "Nanga mwana wanu akatsegula kumapeto kuno?"

Ndati satsegula, ndi wa kuofesi, amayamba tsamba loyamba n'kumatsatira mzere.

Lachinayi, 6 Juni, m'mawa

Akulemba ndi mwana wanga.

39.4. Shuga 16. Khosi latupa kumanzere. Tiyi ndamusiya.

Nesi watsuka zilonda za m'mphepete mwa nkhongo ndi madzi a mchere a kuchipatala. Za pakati sakuzifikira. Akuti fungo silinasinthe.

Ameta mayi wina wa bedi lakumapeto, akupita ku opaleshoni. Makina ometera amalira ngati mavu. Ndinatembenukira kukhoma.

Tamasula kuchokera pakhutu mpaka pafupi ndi liwombo, mbali imodzi yokha. Zala za mwana wanga zang'ambika kunsonga, tsitsi louma limacheka. Akuti ndisanene zimenezo, koma walemba.

Mawa.

Lachinayi, masana

Aphunzitsi, kumapeto kwa kope.

Chipeso wabwera nthawi ya alendo. Mwana wanga anamuimbira foni osandiuza. Nditamuona pakhomo ndinapempha Wailesi kuti andiponyere nsalu kumutu. Wabweretsa nthochi ndi malalanje.

Anati, "Amayi, ndamva za tsitsi. Ndioneko."

Ndinati mutu uli m'manja mwa madokotala, sugwiridwa.

Anawerama nanong'ona, "Ndabwera nawo." Anatulutsa m'chikwama botolo lokulunga m'nyuzipepala, nalilowetsa m'kabati ya pambali pa bedi, kuseri kwa kapu. "Ndasakaniza monga munandiphunzitsira. Ola limodzi lokha, zonse zimasuka. Anthu a kuchipatala sadziwa za tsitsi."

Ndinafunsa ngati amawagwiritsabe ntchito. Anati, "Sabata iliyonse. Ndimawauza kuti ndi mankhwala a amayi, sakana. Loweruka likubwerali kuli mayi wina akubweretsa ana ake awiri a nsabwe."

Ndinangoti chabwino.

Atapita ndakhala ndikukumbukira. Panali mtsikana wina wa kubanki amene anabweranso patapita masiku atatu khungu la m'mutu likusupuka. Ndinamuuza kuti khungu lake ndi lofewa. Panali mwana wa telala amene analira mpaka kusanza, ndinati ndi mwana wosasatitsidwa. Panali ena amene sanabwerenso, ndinkati asamuka. Zaka zonsezi ndinkawerenga okhawo amene tsitsi lawo linamasuka.

Aphunzitsi akuti aitane nesi atenge botololi. Ndawapempha kuti adikire. Nesi akaliona adziwa zonse.

Likununkha. Kapena ndi mphuno zanga chabe. Wailesi wafunsa kale kawiri kuti ndani wabwera ndi nyali m'wodi.

Lachinayi, 6 koloko madzulo

Aphunzitsi akulembanso. Mwana wanga ali panja, pabenchi.

Anafika 5 koloko, natseka makatani kuzungulira bedi. Sanatulutse kondishona. Anatsegula kabati, natenga botolo lija ngati munthu wodziwa pamene lili.

Anati, "Chipeso wandiuza. Akuti awa ndi mankhwala anu enieni. Bwanji simunanene? Tataya masiku awiri."

Ndinati nesi analetsa.

"Nesi sakuona. Zilonda tiphimba. Ola limodzi, nditsuka bwinobwino. Amayi, ine sindikufuna mumve makina aja mawa. Ndinakuonani m'mawa muja."

Mwana ameneyu chibadwire sanaphwanyepo lamulo. Ngakhale pamsewu popanda galimoto amadikira. Lero amafuna kunamiza chipatala chifukwa cha tsitsi langa.

Lembani zoona, aphunzitsi: sindinamuletse. Mumtima ndinati mwina ulendo uno zitheka, pali munthu wotsuka. Ndinaweramitsa mutu.

Anathira m'dzanja lake. Ndinamva akuti "sss," akukupiza dzanja. Mankhwala anali atalowa m'ming'alu ya zala zija. Anati, "Koma ndiye amaluma," n'kuseka pang'ono, n'kubweretsa dzanja kumutu kwanga.

Ndinakuwa. Ndinati, "Leka! Kasambe m'manja, thamanga!"

Anaima, dzanja lili m'mwamba.

Ndinati, "Ndi amenewo anandiwotcha. Si mafuta ophikira. Ndi amenewo."

Wodi yonse inamva, makatani satseka mawu. Ngakhale Wailesi anazima. Nesi anabwera akuthamanga, ananunkhiza botolo, natengera mwana wanga kumpopi kukasambitsa dzanja ndi sopo nthawi yaitali. Botolo analiika m'thumba, akuti likatayidwa kumene amataya zinthu zoopsa. Kwa ine anangoti, "Amayi, mwatichedwetsa masiku atatu." Sananene kuti agogo.

Mwana wanga atabwerera ndinamuuza kuti atsegule kope kumapeto. Anawerenga ataimirira. Atamaliza anafunsa chinthu chimodzi: "Kuyambira Januwale?" Ndinati inde. Anati, "Ine ndimabwera Lamulungu lililonse. Ndimakhala nanu pamphasa, mukundithirira tiyi." Anaika kope pabedi la aphunzitsi natuluka.

39.2. Dokotala amuimbira foni. Mawa abwera 8 koloko.

Lachisanu, 7 Juni

Akulemba ndi mwana wanga. Wabwera 6 koloko, maso otupa. Akuti kuyambira lero kope likhale limodzi, kulibe za kumapeto.

39.0. Shuga 14.

Ndinamuuza dokotala ndekha, asanafunse. Ndinatchula zonse zitatu, ndi thumba la pulasitiki, ndi masiku. Anati, "Mphuno ndili nazo, amayi. Ndinkadikira kuti mundiuze kuchuluka kwake ndi nthawi." Akuti palafini ndi sopo wochapira zikakhala pakhungu zimawotcha ngati moto, makamaka zikaphimbidwa, ndipo tsitsi la kunkhongo lamwa mankhwalawo, likupitiriza kudyetsa chilonda. Akuti si ine woyamba. Anaonapo ena amene tsitsi lawo linagwira moto atayandikira mbaula.

Ndinati, "Ndiye mumeta."

Anazungulira bedi, nakweza mbali imene mwana wanga anamasula, nayang'ana pansi pake nthawi yaitali. Anati kutsogolo ndi m'mbali khungu lili bwino, zilonda zili kunkhongo kokha. "La kumbuyoli lichoka lero, palibe kukambirana. Lotsalalo ndikupatsani mpaka Lolemba. Thupi likapanda kuzizira, kapena likapanda kumasuka, lichokanso."

Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti malire ndinene ndine. Mutu wanga ndimaudziwa ngakhale sindiuona. Ndinauza mwana wanga kuti aike chala pansonga ya khutu lamanja, ayende nacho mopingasa, zala ziwiri pansi pa liwombo, mpaka kukhutu lina. Ndinati nesi adule pansi pa mzere umenewo, ndi sizasi kaye, makina pambuyo. Nesi anayang'ana dokotala. Dokotala anati mzerewo uli bwino.

Kudula kunatenga mphindi makumi awiri. Sizasi inkalira ngati ikudula chiguduli. Makina atayamba ndinagwira chitsulo cha bedi. Aphunzitsi anayamba kundifunsa mayina a maluko onse amene ndimadziwa, ndinawatchula limodzilimodzi, ndinafika khumi ndi asanu ndi awiri makina atazima.

Chimene chinachoka anandionetsa m'mbale yachitsulo. Sindinachizindikire.

Zilonda ndi zitatu, chachikulu ngati chikhatho. Atsuka, apaka mankhwala oyera a zilonda zamoto, amanga. Azisintha tsiku lililonse. Mankhwala a m'kapaipi asintha, akuti awa ndi amphamvu.

Mutu wapepuka kumbuyo. Mphepo ikundigunda malo amene sinagundepo.

Loweruka, 8 Juni

38.4. Shuga 12. Ndamwa tiyi, ndadya dzira.

Ndisanayambe china chilichonse ndinauza mwana wanga kuti aimbire Chipeso, 6 koloko, asanatsegule saluni. Ndinalankhula ndekha. Ndinati ana awiri aja asawapake kanthu, mayi wawo apite nawo kogulitsa mankhwala akafunse oyenera a nsabwe. Anati, "Amayi, mwatani?" Ndinati ubwere mawa udzaone.

Lero ndayamba kuphunzitsa mwana wanga monga ndikanamuphunzitsira kalekale. Lemba bwino apa, mwina wina adzawerenga.

Chipeso chachikulu chikhale pansi. Tsitsi logwirana sililimbana ndi mphamvu. Unyowetse kachigawo kochepa, upake kondishona wambiri, udikire alowe. Ugwire tsinde ndi dzanja lamanzere kuti khungu lisakokedwe. Uyambe kunsonga, osati kutsinde. Uzitsegula ndi zala, ngati ukupatula ulusi, kenako ndi kamchira ka chipeso chaching'ono, tsitsi lochepalochepa. Lothothoka lizituluka, usaope, linathothoka kale, ndi limene lamanga mfundozo. Pamene wamasula uluke kachingwe kuti pasagwiranenso. Munthu akati ndikumva kuwawa, uime.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndi mmene ndinkachitira zaka zoyamba, tsiku lonse mutu umodzi. Mankhwala aja ndinawayamba anthu atachuluka pabenchi.

Nesi wapatsa mwana wanga magolovesi chifukwa cha zala zong'ambika zija. Wamasula mbali yonse yamanzere. Tizingwe tisanu ndi tinayi.

Za kukhala ndekha sanatchule. Ine ndikudikira.

Lamulungu, 9 Juni

37.9 m'mawa, masana 38.3. Nesi akuti zimatero, koma ine sindinakonde. Ndafunsa kanayi ngati kukwerako kukutanthauza makina. Akuti tidikire mawa.

Chipeso anafika nthawi yosintha mabandeji. Ndinapempha nesi kuti amulole aime kumbuyo kwanga. Nsalu sindinafunde.

Ndinati, "Yang'ana bwino. Usatembenuke."

Anayang'ana. Ndinamva akupuma ndi pakamwa.

Ndinati, "Amenewo ndi mankhwala a amayi. Ndinakuphunzitsa maluko onse, ndinakuphunzitsanso ichi. Ichi ndikuchilanda. Amene akafunse uziwauza kuti mwini wake anapsa nawo."

Anati, "Ndinganene bwanji zimenezo? Dzina lanu, amayi."

Ndinati dzina langa lili m'mbale yachitsulo, analitaya Lachisanu. Wailesi anati, "Musavutike, ine ndikatuluka ndikalengeza msika wonse." Ndinati ndikudziwa, n'chifukwa chake ndanena mokweza.

Kenako Chipeso ndi mwana wanga anakhala wina uku wina uku, kumasula tsitsi. Chipeso ndi wachangu, zala zake zimaona zokha. Mwana wanga ndi wochedwa koma sakoka. Pa liwombo panali mfundo imodzi yolimba ngati mwala, Chipeso anati tidule. Mwana wanga anati ayi, ndisiyireni. Anakhala nayo ola lathunthu. Itamasuka anaikweza m'mwamba kuti wodi ione, aphunzitsi anaomba m'manja.

Kwatsala kachigawo ka kuseri kwa khutu lamanja, pafupi ndi chilonda. Nesi akuti pamenepo pasafike madzi. Mawa m'mawa kwambiri, ndi zala zokha.

Sindikudziwa ngati thupi lizizira.

Lolemba, 10 Juni

37.2. Ndauza nesi kuti ayezenso. 37.2.

Mwana wanga anamaliza 7 koloko, dokotala anafika 8 koloko. Anayang'ana paliponse, mzere ndi mzere, ngati wogula nsalu. Akuti kutupa kwa khosi kwatsika, zilonda zayamba kufiira bwino. Chachikulu chija chitenga masabata, ndipo mwina pakati pake tsitsi silidzameranso. Ndinafunsa za lotsalali. Anati, "Ndi lanu."

Ndinamuuza kuti abwereze, mwana wanga alembe. Wabwereza.

Latsala lochepera theka la limene ndinali nalo. Lambiri linatuluka ndi mfundo. Koma lilipo, ndipo ndi loyera.

Kenako dokotala anati, "Tsopano kwezani manja." Manja anga anafika pachifuwa basi. Anapukusa mutu, nati matenda enieni anali amenewa, ndipo kwa anthu a shuga si achilendo. Wandilembera kwa a mafizo, aja ophunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito, Lachiwiri lililonse. Akuti zitenga miyezi, koma mapewa amamasuka. Ndinati nawonso tiyambira kunsonga. Sanamve, koma mwana wanga anaseka.

Lachiwiri, 11 Juni

36.9. Shuga 9. Kapaipi achotsa, tsopano ndi mapiritsi, masiku asanu ndi awiri, osadumphitsa.

A mafizo andiyendetsa zala pakhoma ngati kangaude. Zimawawa.

Nkhani ija yabwera lero. Mwana wanga anakhala pabedi nati, "Amayi, za kunyumba."

Ndinati ndikumva.

Anati mpaka zilonda zitapola ndikakhala kwawo, chifukwa kusintha mabandeji ndi tsiku lililonse ndipo chipatala chili pafupi ndi iwo. Zikapola ndibwerere kwanga. Koma Loweruka lililonse azibwera ndi beseni, ndipo akafika duku lizikhala pamsomali, osati pamutu. "Mukadzandibisiranso kanthu, makiyi ndidzatenga."

Ndinati ukulankhula ngati ndani? Anati ngati amene anandibereka.

Ndavomera. Lemba kuti ndavomera ndekha, sanandikakamize.

Lachitatu, 12 Juni

Atitulutsa 11 koloko. Tikudikira pepala la mankhwala.

Chipeso anatumiza uthenga kuti abwera kudzandiluka maluko ophimba kunkhongo, oti munthu asaone kanthu. Amatha, ndinamuphunzitsa ndine. Ndamuyankha kuti akhale pasaluni, ali ndi anthu.

Wandiluka ndi mwana wanga. Mizere isanu yopita kumbuyo, yolekezera pamwamba pa bandeji. Ndi koyamba m'moyo wake. Ndinkamuuza chala chilichonse, ichi pansi, icho pamwamba, tola lina, usakoke. Anatuluka thukuta ngati akulima.

Nesi anabweretsa kagalasi. Mizere yake ndi yokhota ngati njira ya woledzera. Wachitatu ndi wonenepa, wachinayi ndi woonda, wachisanu unasochera n'kukalowa mwa mnzake. Wailesi anati, "Mayi, mukanakhala kuti mwalipira, bwenzi tikupita kupolisi." Aphunzitsi anati iwo akanapereka 4 pa 10, chifukwa cha khama.

Mwana wanga anati, "Ndimasule ndiyambirenso." Ndinati usakhudze.

Anatulutsa duku m'chikwama, lochapa, losita, nafuna kundimanga. Kumbuyoku kuli bandeji, m'mbali mwake mpala, aliyense pakhomo aona. Ndaliyang'ana nthawi yaitali dukulo. Miyezi isanu linandisungira ulemu, ndipo linatsala pang'ono kundipha.

Ndalipereka kwa aphunzitsi kuti azifunditsa zala za mwendo wawo uja, zimazizira m'mawa.

Akafunsa panjira kuti wakulukani ndani, ndiyankha. Lemba zimenezo, utseke kope, unditengere chikwama.